MLANDU SUOLA: Amai pa Bwalo la Milandu m'Mabuku Amene Timawerenga

Makolo athu adati mlandu suola. Ponena mau amenewa ankatanthauza kuti cholakwa chimene munthu adachita, ngakhale papite zaka zambiri, tsiku lina chidzafika pa bwalo ndithu. Ndi mau otonthoza kwa wolakwiridwa, ndiponso oopsa kwa wolakwa. Koma pali funso limene mwambiwu suyankha: mlanduwo pamene uli kudikira tsiku lake, amausenza ndani? Kawirikawiri amausenza ndi munthu wopanda mphamvu, ndipo nthawi zambiri munthuyo amakhala wamkazi.

Mwezi uno tati tilingalire pamodzi za mtundu wina wa mabuku umene ambiri a ife timaukonda, ndiwo mabuku a nkhani za milandu. Aliyense amene adaimapo pamene amagulitsa mabuku akale m'mphepete mwa mseu ku Limbe kapena ku Lilongwe adawaona: zikuto zong'ambika, masamba ofiira ndi fumbi, pamwamba pali chithunzi cha sikelo kapena kanyundo ka woweruza. Timawagula chifukwa amatigwira mtima. Munthu wosalakwa ali pafupi kunyongedwa, mboni zili kunama, loya wake watsala ndi usiku umodzi wokha woti apeze choona. Timawerenga mpaka nyali kuzima, mtima uli dyokodyoko kufuna kumva chigamulo. Palibe choipa pamenepo, pakuti ludzu lofuna kuona chilungamo chikupambana adaliika mwa ife ndi Mulungu mwini. Komabe mkhristu sawerenga ngati mwana womeza nsima osatafuna. Tiyenera kudzifunsa: kodi mabukuwa ali kutiphunzitsa chiyani za chilungamo? Nanga munthu wamkazi amamuika pati?

Suzana ndi akuluakulu awiri

Nkhani yakale kwambiri ya mtundu umenewu siili patali. Ili m'Malembo Oyera, m'mutu 13 wa buku la Danieli, ndipo Eklezia amatiwerengera chaka ndi chaka pa Misa ya Lolemba la sabata lachisanu la Lenti. Mlembi wina wa ku England wodziwika ndi nkhani za ofufuza milandu, Dorothy L. Sayers, posonkhanitsa nkhani zotere mu 1928, adaika nkhani ya Suzana pakati pa zoyambirira zenizeni. Sadalakwe ai.

Suzana adali mkazi wa Yoakimu, munthu wolemera wa ku Babiloni. Akuluakulu awiri, amene chaka chimenecho adasankhidwa kukhala oweruza, adamsirira. Adabisala m'munda wa mwamuna wake, ndipo atamuona ali yekha pofuna kusamba, adamuuza kuti asankhe: agone nao, apo ai akamnenera bodza lakuti adamgwira ndi mnyamata. Suzana adaona kuti uku kuli dzenje, ukonso kuli dzenje, nasankha kugwa m'manja mwao ali wosalakwa kusiyana ndi kuchimwira Mulungu. M'mawa mwake mlandu udazengedwa. Lamulo la Mose lidafuna kuti mlandu utsimikizike ndi mboni ziwiri kapena zitatu. Mboni ziwiri zidalipo, ndiponso zidali za imvi. Msonkhano udakhulupirira, nugamula kuti Suzana afe.

Tiime pang'ono pamenepa, pakuti ndi pamene pagona luso la mlembi. Poyang'ana ndi maso, zonse zidayenda mwa dongosolo. Chidasowa n'chimodzi chokha: palibe amene adafunsa Suzana kuti anene mbali yake. Anthu adayeza ulemu wa olankhula, osayeza mau ao. Apo mpamene Suzana adafuula kwa Mulungu ndi mau aakulu, ndipo Mulungu adautsa mtima wa mnyamata Danieli. Iye adaimitsa gulu lonse, nalekanitsa mboni ziwirizo, nafunsa iliyonse payokha kuti idawaona patsinde pa mtengo wanji. Wina adatchula mtengo uwu, wina mtengo uwo. Bodza lidaonekera poyera, ndipo chilango chimene adakonzera mnzao chidawagwera iwo omwe, monga lidanenera lamulo la mboni zonama.

Owerenga ambiri potseka buku amatama Danieli, ndipo nkoyenera kutero, chifukwa kufunsa mboni iliyonse payokha ndi nzeru imene makhoti ali kuitsatabe mpaka lero. Koma tisaiwale kuti Danieli adalowa m'nkhaniyi mochedwa. Chigamulo chachikulu chidali chitachitika kale m'munda muja, popanda woonerera, pamene mkazi mmodzi adakana amuna awiri amphamvu. Tikumbukirenso kuti chidayamba ndi kufuula kwa Suzana, thandizo lidadza pambuyo. Akadapita ku imfa ali chete, poopa kuchititsa manyazi akuluakulu, nkhaniyi sitikadaimva.

Adatengera Danieli, naiwala Suzana

Alembi a masiku ano ambiri adatola maonekedwe a nkhani imeneyi: wosalakwa ali m'mavuto, mwamuna wochenjera adzuka namteteza. Buku lotchuka koposa la mtundu umenewu ndi To Kill a Mockingbird, limene mai wa ku America, Harper Lee, adalitulutsa mu 1960, ndipo chaka chotsatira lidalandira mphotho ya Pulitzer. Nkhani yake ili kuchitika m'zaka za m'ma 1930 m'katauni kongopeka ka Maycomb, m'chigawo cha Alabama, ndipo woisimba ndi kamsungwana, Scout, mwana wa loya Atticus Finch. Atticus apatsidwa ntchito yoimira Tom Robinson, munthu wakuda amene ali kumnenera kuti adagwirira msungwana wachizungu, Mayella Ewell. Pa bwalo Atticus aonetsa kuti mabala a Mayella adali mbali ya kumanja kwa nkhope, kusonyeza kuti adammenya ndi munthu wamanzere. Tom dzanja lake lamanzere lidapuwala ali mwana, litagwidwa ndi makina ochotsa njere za thonje. Wamanzere ndi bambo wake wa Mayella. Choona chaoneka ngati dzuwa, komabe amuna 12 achizungu oikidwa kugamula mlandu apeza Tom wolakwa, ndipo pambuyo pake iye aomberedwa pofuna kuthawa m'ndende.

Bukuli ndi loyenera ulemu umene lidalandira. Mlembi sadatinamize. Adalola kuti Danieli wake alankhule zoona zonse koma nkulephera, chifukwa mitima ya omvera idali itagamula kale mlandu usanayambe. Phunziro lake ndi lakuti munthu achite cholungama ngakhale adziwe kuti sapambana, ndipo limeneli ndi phunziro lachikhristu.

Koma tiyeni tiyang'ane amai a m'bukuli. Mayella ali ndi zaka 19, mai wake adamwalira, ndipo ndiye amalera abale ake 7 m'kanyumba ka pafupi ndi dzala la tauni. Loya atamuitana mwaulemu, iye aganiza kuti ali kumseka, popeza palibe amene adamlemekezapo chibadwire. Bodza lake lidapha munthu, ndipo sitingalichepetse. Komabe wowerenga aliyense amadziwa amene adammenya, ndipo mlandu utatha Mayella adabwerera ku nyumba yomweyo, kwa bambo yemweyo, popanda mmodzi wofunsa za mabala ake. Helen, mkazi wa Tom, amene adatsala ndi ana amasiye, mau ake sitiwamva kwenikweni. Pakati pa ogamula 12 aja padalibe mkazi, pakuti ku Alabama amai sankaloledwa kukhala pa mpando umenewo kufikira 1966.

Chimodzimodzi m'buku loyamba la John Grisham, A Time to Kill, la mu 1989. Liyamba ndi mtsikana wakuda wa zaka 10, Tonya, amene amuna awiri achizungu adamchita zoopsa ku Mississippi. Bambo wake awaombera amunawo m'nyumba ya khoti momwe, ndipo masamba mazanamazana otsatira asimba za loya wachinyamata, Jake Brigance, m'mene adapulumutsira bamboyo ku imfa. Mwana uja angokhala chifukwa choyambira nkhani. Ndiponso wowerenga aomba m'manja pa mapeto, osazindikira kuti ali kuombera m'manja kubwezera, mzimu womwe uja umene umatenthetsa munthu woganiziridwa kuba pa msika bwalo lisanamve mau ake. M'mabuku otere mkazi ali ngati udzu umene umavutika njovu zikamamenyana.

Pali chinthu china chotichenjeza. Harper Lee adabadwira ku Monroeville, tauni imene imanyadira bukuli kwambiri. Mu 1988, munthu wakuda wa komweko wotchedwa Walter McMillian adaweruzidwa kuti aphedwe pa mlandu wakupha msungwana wachizungu, mlandu umene sadapalamule. Adamasulidwa mu 1993 chifukwa cha khama la loya Bryan Stevenson, amene adasimba zimenezi m'buku lake Just Mercy la mu 2014. Tsono tione: anthu angathe kukonda buku lonena za chilungamo, kulinyadira, nkuchitanso chosalungama chomwecho chimene bukulo lidadzudzula. Kuwerenga pakokha sikutembenuza mtima.

Amai atagwira cholembera

Mwambi umati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Nkhani imasintha pamene wosenza mlandu ayamba kudzisimbira yekha. Titchule amai atatu a mu Africa muno.

Woyamba ndi Mariama Bâ wa ku Senegal, amene buku lake Une si longue lettre, lodziwika pa Chingerezi kuti So Long a Letter, lidatuluka mu 1979, nililandira mphotho ya Noma mu 1980, mlembiyo namwalira mu 1981. Lonse ndi kalata imodzi yaitali imene Ramatoulaye, mphunzitsi wachisilamu, mai wa ana 12, alembera bwenzi lake Aissatou pa nthawi ya kulira mwamuna wake. Mwamunayo, atakhala naye zaka 25, adakwatira msungwana amene adali mnzake wa mwana wao, nasiya banja loyamba. Aissatou zitamchitikira zofanana adachoka, Ramatoulaye adakhala. Pa tsiku la 40 la maliro mlamu wake adza kudzanena kuti amlowa chokolo, ndipo mai amene adakhala chete zaka zonsezo ayankha pamaso pa amuna, nakana. M'bukuli mulibe khoti, mulibe loya. Kalatayo ndiye bwalo lake, ndipo oweruza ndife owerenga. Ukulu wa mlembi uli apa, kuti sadanyoze wochoka kapena wotsala. Adangotikakamiza kumva mbali imene msonkhano wa ku Babiloni sudafune kuimva.

Wachiwiri ndi Unity Dow wa ku Botswana, amene adayamba wazenga mlandu wake weniweni asanalembe nkhani zopeka. Lamulo la unzika la mu 1984 lidati mwana wobadwa m'banja atsate unzika wa bambo wake yekha. Mai Dow adakwatiwa ndi mwamuna wa ku America, kotero ana ao awiri obadwa lamulolo litakhazikika adali alendo m'dziko la mai wao. Iwo adasumira boma. Boma lidayankha kuti mwambo wa Atswana umatsata kuchimuna, ndiponso kuti ndime ya malamulo aakulu a dziko yoletsa tsankho sidatchule za kusiyana kwa amuna ndi akazi. Khoti lalikulu lidagamula mokomera mai Dow mu 1991, khoti la apilo lidavomereza mu 1992, ndipo nyumba ya malamulo idasintha lamulolo mu 1995. Pambuyo pake iwo adakhala mai woyamba kuweruza milandu m'khoti lalikulu la dzikolo.

Buku lao la mu 2002, The Screaming of the Innocent, litembenuza mtundu wonse wa nkhani za milandu chadodolido. Mtsikana wa zaka 12, Neo Kakang, asowa m'mudzi, ndipo apolisi auza mai wake kuti adajiwa ndi zilombo. Patapita zaka 5, msungwana wotumikira boma pa chipatala chaching'ono, Amantle Bokaa, apeza bokosi la zovala zamagazi, nakana kulipereka mwakachetechete. Wowerenga safunika kudikira tsamba lomaliza kuti adziwe opha mwanayo: kuyambira pachiyambi taona kale anthu olemekezeka, wamalonda, mfumu ndi wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, akukonza zopha mwana kuti apeze zizimba. Chotigwira mtima tsono ndi funso lina, lolemera koposa: kodi alipo amene adzalimba mtima kuwatchula, nanga akawatchula, boma lidzamva? Mlembi, amene adali woweruza, adakana kutipatsa chigamulo chotsekemera pa mapeto. Bukuli lili ndi zofooka zake. Nthawi zina mau a woweruza amaposa mau a wosimba nkhani, anthu oipa ndi oipa kotheratu, ndipo malo ena ndi oopsa, osayenera ana. Koma ife amene kuyambira cha m'ma 2014 taona abale athu achialubino akusakidwa ngati nyama, sitinganene kuti nkhaniyi ndi ya ku Botswana kokha.

Wachitatu ndi wa kwathu konkuno. Mai Vera Chirwa, obadwa mu 1932, ndiwo mai woyamba wa m'Malawi kukhala loya, atamaliza maphunziro a malamulo ku London mu 1966. Amuna ao, Bambo Orton Chirwa, adali nduna yoyamba ya za chilungamo, koma adathawa m'dziko pa mkangano wa nduna wa mu 1964. Pa 24 December 1981, usiku wa Khirisimasi, awiriwa adagwidwa atabwera chakum'mawa kwa Zambia, natengedwa kudzaimbidwa mlandu woukira boma. Mlanduwo sudapite ku khoti lalikulu. Udazengedwa m'khoti la makolo la chigawo cha kumwera, m'mene maloya sankaloledwa kuimira munthu, ndipo mboni zimene iwo adapempha kuchokera kunja zidakanizidwa. Taonani chodabwitsa: amene adaphunzira malamulo koposa ambiri m'dziko adaweruzidwa pa bwalo lopanda chitetezo cha malamulo. Mu 1983 adagamulidwa kuti anyongedwe, ndipo mu 1984, maiko ndi mipingo itadandaula, chilango chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Adasungidwa m'ndende ya Zomba mosiyana, osaonana zaka 8, kufikira September 1992 pamene maloya ochokera ku Britain adaloledwa kuwachezera. Pa 20 October chaka chomwecho Bambo Chirwa adamwalira m'ndende, ndipo mai wao sadaloledwe kukakhala nao pa maliro. Adamasulidwa pa 24 January 1993, atakhala m'ndende zaka zoposa 11.

Zonsezi adazisimba m'buku lao Fearless Fighter la mu 2007. Si buku la mau okometsera, ndipo monga mbiri iliyonse yodzilembera munthu mwini, ndi umboni wa mboni imodzi, woyenera kuuyeza pamodzi ndi maumboni ena. Koma palibe nkhani yopeka imene ingalingane nalo pa kulemera. M'nkhani zopeka kudikira kumatha masamba 300. M'bukuli kudikira ndi zaka za moyo wa munthu zimene sizidzabwereranso. Ndipo chotiphunzitsa koposa ndi chimene adachita atatuluka. Sadafune kubwezera, komanso sadakhale chete. Adayambitsa mabungwe a Malawi CARER ndi Women's Voice ophunzitsa anthu za ufulu wao, ndipo adatumikira bungwe la mu Africa loona za ufulu wa anthu monga woyendera ndende. Amene adadziwa mdima wa ndende adabwereranso kumeneko kukayang'ana ena.

Tinene mosabisa: khoti lija lidangobwereka dzina la makolo. Bwalo lenileni la makolo lidali la pansi pa mtengo, pamene wodandaula, wodandaulidwa, mboni ndi ankhoswe onse ankapatsidwa mpata. Tinenenso mosabisa kuti ambiri a ife amene tidalipo masiku amenewo tidali ngati msonkhano wa ku Babiloni uja: tidamva, tidaopa, tidakhala chete. Mpaka pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, pamene kalata ya Aepiskopi athu idawerengedwa m'matchalitchi, yodzudzula mwa zina kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu ndi yopempha makhoti oima paokha.

Kupirira ndi kulimbikira

Mabuku onsewa atifikitsa pa mau awiri a Chichewa amene timawasokoneza: kupirira ndi kulimbikira. Pa chilangizo cha ukwati timauza mkwatibwi kuti banja ndi kupirira. Muli choona m'mau amenewa, chifukwa palibe nyumba imene ingaime popanda kukhululukirana, ndipo matenda, umphawi ndi zofooka za mnzathu ndi mitanda yoyenera kuisenza. Koma mau omwewa tawasandutsa chingwe chomangira pakamwa. Mai womenyedwa timati apirire. Wamasiye amene alamu ake amlanda nyumba, mbuzi ndi malata timati apirire, Mulungu adzaona. Mtsikana wolakwiridwa ndi munthu wolemekezeka timati asachititse manyazi mudzi.

Ambuye Yezu sadaphunzitse choncho. M'Mthenga wa Luka, mutu 18, adasimba za mai wamasiye ndi woweruza wosaopa Mulungu, wosasamala munthu. Maiyo adalibe loya, adalibe Danieli, adalibe chiphuphu chopereka. Chida chake chidali miyendo yake ndi pakamwa pake: ankabwera, nabweranso, mpaka woweruzayo adatopa naye, namweruzira mlandu wake. Ameneyu ndiye Ambuye adamsankha kukhala chitsanzo cha kupemphera kosalekeza. Sadasankhe mai wokhala pakhomo akulira mobisa. Ndipo m'buku la Numeri, mutu 27, ana aakazi asanu a Zelofehadi adaima pamaso pa Mose ndi msonkhano wonse kufunsa chifukwa chake cholowa cha bambo wao chitayike popeza adalibe mwana wamwamuna. Mose adapita nao mlanduwo kwa Mulungu, Mulungu adati anawo ali kunena zoona, ndipo lamulo la cholowa lidasinthidwa. Zimene adachita mai Dow ku Botswana zidali ndi makolo ake m'chipululu cha Mowabu.

Ngakhale Mpingo, umene umaphunzitsa kuti ukwati wa sakramenti sumasulika, sulamula munthu kukhala pamene moyo wake uli pa ngozi. Malamulo a Mpingo a mu 1983, pa nambala 1153, amalola kupatukana ngati mmodzi wa okwatirana aika mnzake kapena ana pa ngozi yaikulu ya thupi kapena ya mzimu. Ndi angati a ife alangizi a mabanja amene tidauzapo mkwatibwi zimenezi? Nalo dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la mu 2006, ndi lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, limene lidati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu. Koma lamulo lokhala m'buku lili ngati khasu lopachikidwa pa denga: silima munda lokha. Lifuna dzanja, ndipo dzanja la wamasiye mmodzi limatopa msanga. Ulendo wa ku khoti ndi wautali, mlandu umaimitsidwa kawiri katatu, ndalama ya basi imatha, abale amanyoza. Paja mutu umodzi susenza denga.

Tsono tiwerenge bwanji?

Sitili kunena kuti titaye mabuku a milandu ai. Tiwerenge, tisangalale nao, koma pofika tsamba lomaliza tidzifunse mafunso atatu. Choyamba, ndani m'nkhaniyi amene sadafunsidwe mbali yake? Chachiwiri, chigamulo chitaperekedwa, wolakwiridwa adabwerera kuti, nanga adakagona m'nyumba ya yani? Chachitatu, ndikadakhala m'nkhaniyi, ndikadakhala ndani? Tonse timafuna kudziona ngati Danieli kapena Atticus. Koma m'nkhani iliyonse Danieli amakhala mmodzi, pamene msonkhano umakhala wa anthu ambiri, ndipo mpando umene ambiri a ife timakhalapo ndi wa msonkhanowo. Ndife amene timamva kukuwa kwa nyumba yoyandikana nafe usiku, m'mawa nkupereka moni ngati palibe kanthu. Ndife amene timaimba nyimbo za maliro pamene ngolo ili kutuluka ndi katundu wa ana amasiye kuseri kwa nyumba.

Tili ndi dandaulo limodzi lomaliza. Mabuku onse amene tatchula, kupatula Malembo Oyera, adalembedwa pa Chingerezi kapena pa Chifalansa, ndipo mai wa kumudzi amene nkhanizi zimamkhudza koposa sangazipeze m'chilankhulo chake. Tipemphe alembi athu, makamaka amai ndi asungwana ophunzira, kuti atilembere nkhani za milandu pa Chichewa: za pa bwalo la mfumu, za m'khoti la majisitireti, za mai woyenda mtunda wautali ndi mwana kumsana kukamva kuti mlandu wake waimitsidwanso. Nkhanizo zilipo zambiri, zingosowa wozilemba. Pakali pano, amene tidziwa kuwerenga tisimbire anzathu. Pa msonkhano wa mphakati, m'gulu la amai, pa chilangizo cha ukwati, nkhani ya Suzana ndi ya mai wamasiye uja ziwerengedwe pamodzi, ndipo pafunsidwe poyera ngati m'mudzi mwathu mulibe wina wosenza mlandu yekha. Akapezeka, mmodzi wa ife amperekeze kwa mfumu, ku polisi, kapena kwa a Chilungamo ndi Mtendere a pa parishi.

Mlandu suola, nzoona. Koma munthu wousenza amakalamba, amatopa, ndipo ena amamwalira asanamve chigamulo, monga adamwalirira Bambo Chirwa m'ndende ya Zomba. Mulungu amene adamva kufuula kwa Suzana amamvabe mpaka lero, ndipo njira yake yoyankhira siidasinthe: amautsa mtima wa munthu wina wa m'gulu momwemo kuti aime nkunena kuti mlanduwu uyambidwenso. Tipemphe kuti akagogoda pa mtima wathu, atipeze tili maso.